Chisanu chimene mayi anabisa nsapato za bambo

Mpaka lero ndikamva fungo la mkungudza ndimakumbukira jekete la bambo. Linali lobiriwira, long'ambika m'zigongono, ndipo utsi wa m'nyumba zogona alendo pamwamba paphiri unali utalowerera moti mayi ngakhale achape bwanji, fungolo silinkachoka. Bambo ankanyamula katundu wa alendo okwera phiri, kuyambira m'munsi pa Likhubula. Nyengo yachisanu ndiyo inali ya ntchito, chiperoni chitakuta phiri, ife ana tikupita kumjigo manja ali m'khwapa.

Ndinali ndi zaka mwina khumi, sindidziwa bwinobwino. Bambo akatsika kuphiri patatha masiku atatu, ankagona chagada pamkeka kuwothera dzuwa, ine n'kutsamiritsa mutu pachifuwa pawo. Tsiku lina, khutu lili pamenepo, ndinagwiranso pachifuwa changa. Wanga mtima unkathamanga ngati wa mwanapiye. Wawo unkagunda kamodzi, n'kuima ngati waiwala, kenako n'kudzagundanso. Ndinathamangira kwa mayi mosangalala, poganiza kuti ndatulukira chinthu chabwino.

Mayi anasiya chimanga chimene ankatongola. Anagwada, n'kuika khutu pachifuwa cha bambo kwa nthawi yaitali, kenako anamvetsera changa, cha mlongo wanga, ndi cha mwana wa oyandikana nawo amene anangobwera kudzapala moto. "Bambo a Feliya, mtima wanu watopa. Phiri lija lakumalizani," anatero. Bambo anaseka mpaka kutsokomola. Koma mmene ankadzuka m'mawa, nsapato zawo zokwerera phiri, zazikulu zija anawasiyira mlendo wina, zinali zitasowa.

Ndinene zoona, masabata awiri amene anatsatira anali okoma kuposa ena onse a ubwana wanga. Bambo anali pakhomo tsiku lonse. Ankatiwotchera mbatata paphulusa, anatipangira galimoto yamawaya yokhala ndi zitseko zotseguka, ndipo mayi akawabweretsera kapu ya madzi ofiira a masamba a mapeyala, oti awonjezere magazi, ankamwa nkhope atakwinya kenako n'kuyamba kuvina tchopa pabwalo, fumbi kobo, akuimba m'Chilomwe kuti wakufa wadzuka. Mayi ankawathamangitsa ndi chipande. Komabe anzawo akamadutsa m'mawa atasenza zikwama za alendo, akufuula kuti odwala tikakutengereni chiyani kumwambako, bambo ankawaperekeza ndi maso mpaka atazimiririka. Wamkulu wa onyamula katundu anali atatumiza kale mawu kuti akapanda kubwera sabata yotsatira, malo awo pamzere apatsa wina.

Kwathu mwamuna amakhala kwa mkazi, ndiye nkhani ngati imeneyi womaliza kulankhula ndi mwinimbumba. Ameneyo anali amalume a Dayisoni, achimwene awo a mayi, amene anapuma ukapitawo kuesiteti ya tiyi. Anabwera akuyenda pang'onopang'ono, anakhala pampando, ndipo anayamba apuma kaye asanapereke moni. Atamva zonse, anatenga dzanja la bambo n'kuliika pachifuwa pawo. "Alamu, mtima wa mwamuna ndi uwu. Mukulimva liwiro lake?" Kenako anagamula kuti mawa lake tonse tipita kuchipatala ku Boma, ndipo iwo atiperekeza okha. Mayi anati asavutike, koma amalume anakana kwamtuwagalu. Ine ananditenga ngati mboni.

Tinakwera matola, mphepo ikutibaya m'makutu, minda ya tiyi ikudutsa mbali zonse. Adokotala anali mayi wamfupi wamagalasi. Anamvetsera pachifuwa cha bambo, n'kuwafunsa ngati amachita chizungulire, ngati anakomokapo, ndi ntchito imene amagwira. Atamva za phiri, anawauza kuti athamange kuzungulira chipatalacho katatu. Bambo anavula mapatapata n'kuliyatsa liwiro, anthu a pamzere akuwaombera m'manja. Bambo atabwerera, adokotala anandigwiritsa pamkono pawo kuti ndimve ndekha. Mtima uja unali ukugunda mwamphamvu ngati ng'oma. Tisanamalize n'komwe kuseka, unali utabwerera kale pa kayendedwe kake kaulesi.

Mmene anatifotokozera, ngati ndinagwira bwino, n'kuti mtima uli ndi zipinda ziwiri zam'munsi zokankha magazi. Chakumanja chimawakankhira kumapapo kuti akatenge mpweya, chakumanzere, chomwe n'chochindikala, chimawakankhira thupi lonse mpaka kuzala zakumapazi. Anandiyang'ana ine. "Iwe, kumjigo amadzaza msanga ndowa ndani, wogwedeza kachitsulo msangamsanga kapena wokoka mpaka pansi?" Ndinati wokoka mpaka pansi. Anati bambo ako ndi amenewo. Phiri linalimbitsa zipinda zija, zimadzaza bwino n'kukankha magazi ambiri kamodzi, ndiye munthu akakhala pansi mtima ulibe chothamangira. Anauza mayi kuti abweze nsapato.

Tinali titaimirira kale pamene adokotala anayang'ana pansi, pa mapazi a amalume. Nsapato zawo zinali zosamanga zingwe, mapazi atatupa mpaka kusefukira. Anawadina ndi chala pamsongolo, ndipo dzenje linatsala ngati adina phala lozizira. Anawafunsa mmene amagonera. Amalume anayankha motsitsa mawu kuti amagona chokhala, atatsamira khoma, chifukwa akagona chagada amabanika. Adokotala anati wodwala ndiye ameneyu. Zipinda zawo zinali zitafooka, zikukankha pang'ono, n'chifukwa chake mtima unkathamanga kuti ukwanitse, ndipo madzi ankatsalira m'mapapo ndi m'miyendo. Atafunsa ngati ali ndi kabuku kakuchipatala, amalume anapisa m'thumba la malaya n'kutulutsa katsopano, dzina lawo litalembedwa kale pachikuto.

Anawagoneka masiku anayi, n'kuwatulutsa ndi mapilitsi komanso lamulo loti achepetse mchere. Mapilitsiwo ankawathamangitsira kuseri kwa nyumba pafupipafupi, ndipo ife ana tinkawerenga maulendo mokweza mpaka kutiopseza ndi ndodo. Patapita milungu ingapo mapazi anaphwera, zingwe zinamangika. Anakhala ndi moyo mpaka kunyamula mwana wanga woyamba. Nsapato za bambo zinatuluka m'nkhokwe, anankafumbwe ali yakaliyakali m'kati. Bambo anazikutumula, ndipo m'mawa mwake ndinawaona akulowa m'chifunga, chikwama cha mlendo chili pamutu, akuimba mluzu.

Nthawi imeneyo ndinkauza aliyense kuti amalume anapulumuka chifukwa cha khutu langa, ndiponso kuti anachita mwayi kuti adokotala anayang'ana pansi. Panopo ndadutsa zaka makumi anayi, nanenso ndimamwa mankhwala a kuthamanga kwa magazi, ndipo ndinazengereza chaka chathunthu ndisanakayezetse. Ndiye ndikamaganiza za kabuku kaja, ndimaona zina. Woperekeza wodwala sagula kabuku kakekake. Amalume ankadziwa kuti m'thupi mwawo simuli bwino, koma munthu amene mbumba yonse imathawira kwa iye akanauza ndani kuti akuchita mantha? Anangodikira kuti wina apezeke ndi chifukwa chopitira ku Boma, iwo n'kukwera nawo matola.