Ulusi wa Mayi Ozella

Mayi Ozella Tarver anachapa zovala za azungu a ku Tallow Creek zaka makumi atatu ndi zinayi, kuyambira ali kamtsikana kosafikira chingwe choyanikira. Anabadwira m'nyumba ya matabwa kuseri kwa tchalitchi cha Mount Pisgah, pa maekala khumi ndi awiri amene bambo awo anawapeza ndi thukuta la m'minda ya thonje. Amuna awo anamwalira msanga, n'kuwasiyira mwana mmodzi, Verdie.

Lolemba lililonse ankasonkha moto pansi pa chimphika chachitsulo n'kuwiritsa mashiti a pabedi a mabanja asanu pamodzi. Kuti asasokoneze, ankasoka kamfundo ka ulusi pangodya ya shiti iliyonse: kofiira kwa a Sugg a sitolo, kachikasu kwa a Whitlow, choncho. Amayi onse ochapa a m'deralo ankatero, aliyense ndi kasokedwe kake. Madona eni mashitiwo sankadziwa n'komwe. Ndani amayang'ana ngodya ya nsalu imene sachapa yekha?

Mu Julaye 1964 anavala chipewa chawo cha ku tchalitchi n'kupita ku bwalo la milandu kukalembetsa kuti azivota, chinthu chimene azungu a kumeneko sankafuna kuti munthu wakuda achite. Anawabweza kawiri, kachitatu dzina linalowa. Lachinayi lake m'mawa anapeza kapepala kokhomedwa ndi msomali pa mtengo wa pekani wa pabwalo pawo: "Ozella, Lamulungu lisakupeze pano."

Panalibe wofunsa kuti walemba ndani. Amikanjo, gulu la azungu oopseza anthu akuda, anali atakhalapo kuyambira nthawi ya azigogo. Ndiwo anatentha sukulu ya anthu akuda kutsidya kwa mtsinje, ndiwo anatenga mchimwene wake wa Dikoni Lucious osabwera nayenso. Banja likalandira kapepala kotero linkakwera basi, munda n'kugwa m'manja mwa mzungu. Wina akati akadandaule, funso linali limodzi: nkhope unaiona? Nanga ukanaiona bwanji, munthu wadzikuta mkanjo woyera mpaka m'mapazi, kumutu chipewa chosongoka cha maenje awiri?

Verdie anali ndi khanda la miyezi inayi, ndipo chikwama anali atalongedza kale.

"Amayi, basi ya ku Detroit imanyamuka Loweruka. Tiyeni."

"Ku Detroit kuli munda wa bambo anga?"

"Ndiye mufere munda?"

"Tandipatsira sopoyo."

Ankayankha ngati alibe mantha, koma tsiku lomwelo anapsereza malaya a Bambo Whitlow ndi simbi, chinthu chimene sanachitepo chiyambire kuchapa. Loweruka basi inapita. Verdie sanakwere, komanso chikwama sanamasule.

Lamulungulo linali tsiku lapachaka limene onse amene anasamukira kumpoto, ku Detroit ndi ku Chicago, amabwera kudzapemphera kwawo. Mapemphero atatha, matebulo anayalidwa pansi pa mitengo: nkhuku yokazinga, buledi wa chimanga, mbatata zophika ndi shuga. Anthu analipo pafupifupi mazana awiri. Ali mkati mwa kudya, mapikapu atatu anakhota pamsewu wafumbi n'kuima. Munatsika amuna asanu ndi anayi, onse m'mikanjo, awiri ali ndi mfuti. Anasankha dala tsikulo kuti aliyense aone.

Anthu anasiya kudya. Verdie anakanikiza mwana pachifuwa mpaka mwanayo anayamba kulira.

"Tabwerera Ozella," anatero wakutsogolo, mawu atawakulitsa. "Enanu idyani nkhuku zanu."

Mayi Ozella anadzuka. Anayenda mpaka pamaso pake, maso ali pansi, monga anawaphunzitsira mayi awo kuti mzungu sumuyang'ana kumaso. Ndipo pansi pomwepo, pamene mkanjo unkakhudza dothi lofiira, anaona kamfundo ka ulusi. Kofiira, kozungulizidwa katatu. Kasokedwe kawo. Inali shiti imene Dona Sugg ananena m'nyengo yozizira kuti yatha, asaiyembekezenso m'dengu. Dona wosamala zinthu sataya nsalu. Anaisoka mkanjo wa mwamuna wake.

Mantha sanachoke, koma pakamwa panatseguka pokha.

"Mwaswera bwanji, Bambo Sugg?"

"Sindine Sugg ine."

"Mawuwo ndi a wina ndithu, bwana. Koma ulusiwu ndi wanga. Dona akanandiuza ndikanakupindirani bwino m'munsimu, taonani mmene mukukolopera dothi."

Palibe anaseka. Wamfuti mmodzi anasuntha phazi. Kenako Mayi Arzula Boykin, nkhalamba yoyendera ndodo amene anachapira mabanja a kumtunda kwa msewu, anavala magalasi n'kuyandikira wamfutiyo, atawerama ngati akufuna singano.

"Ulusi wakudawu ndi wanga uwu. Dewey Crenshaw, ndiwe? Ndinakuchapira matewera ine. Lero wavala shiti yomwe unkakodzera ija?"

Wina kumbuyo analephera kudzigwira, anaseka. Amayi ena ochapa anadzuka, mmodzi, awiri, asanu, maso onse pansi, akuzungulira amunawo mwaulemu wonse ngati akusankha nkhuku pamsika. Uyu ndi wa kwa a Whitlow. Uyu ndi mpongozi wa a Purvis. Amuna aja anayamba kuponda m'mphepete mwa mikanjo kuti abise. Ena anaikwinyira m'mwamba ngati akuwoloka mtsinje, mathalauza ndi nsapato n'kuonekera, zinthu n'kungoipirako.

Dikoni Lucious ndiye ankatsogolera nyimbo m'tchalitchimo: iye amatchula mzere, mpingo n'kuubwereza mokoka. Anaimirira n'kutchula ngati mzere wa nyimbo: "Harlan Sugg." Mpingo unayankha mokoka. "Dewey Crenshaw." Unayankhanso. Mayina asanu ndi awiri anaimbidwa choncho, awiri otsalawo anali atathawira kale m'pikapu.

Bambo Sugg anayang'ana khamulo. Theka la anthuwo linali la ku Chicago ndi ku Detroit, kumene dzanja lake silikanafika, ndipo mawa lake ankabwerera dzina lake lili pakamwa pawo.

"Nkhaniyi sinathe, Ozella," anatero, tsopano ndi mawu ake enieni.

"Chabwino, bwana. Mukapereke moni kwa Dona."

Mapikapu anatembenuka. Mayi Ozella anakhala pansi pomwepo pafumbi, amayi anzawo n'kumawakupiza ndi mbale za pepala.

Sikuti zonse zinatha tsikulo. Mabanja atatu anasiya kupatsa Mayi Ozella zochapa, ndipo mu Seputembala wina anaombera windo la kukhitchini kwawo akudutsa pagalimoto. Mpaka lero kuno galimoto yachilendo ikaima pamsewu timaitana ana kuti alowe. Koma ku Tallow Creek kapepala sikanakhomedwenso pamtengo wa munthu, ndipo palibe banja lina linasiya munda.

Verdie anamasula chikwama patatha milungu itatu kuchokera pamene anaombera windo lija, latsopano litaikidwa. Mayi Ozella anavota zisankho zonse, ngakhale za oyang'anira misewu, ndipo anamwalira mu 1991 pabedi pawo, m'chipinda chimene anabadwiramo. Maekala aja onse khumi ndi awiri alipo, akulima ndi ana a Verdie.