Maness Anayeza Kompyuta Ngati Mwana wa Sukulu

Mukafika ku Old Town, kuseri kwa msika, funsani za Maness telala. Koma musanene kuti ndakutumani ine, chifukwa amati pakamwa panga pakufunika zipi.

Maness kwawo ndi ku Mitundu. Anabwera m'tauni kudzagwira ntchito ya m'nyumba ku Area 9, ndipo adona akangotuluka pageti, iye ankazembera makina awo osokera. Tsiku limene anamugwira, m'malo momuchotsa anamuunjikira makatani onse kuti apinde. Lero ali pakhonde ndi makina akeake, ndipo amuna ake, a Nasoni, ali m'kachipinda ka kumbuyo kukonza mavidiyo a maukwati pa kompyuta. Ine benchi langa la mayunitsi lili pakhomo pawo penipeni, ndiye palibe chimandidutsa.

Okutobala wathayu, dzuwa likuswa mtengo, kompyuta ya a Nasoni inayamba kukomoka. Vidiyo ikangofika pa perekaniperekani, thi! yazima. Komanso ukwati wake sunali wa munthu wamba, unali wa mwana wa Mai Bernadetta a ku Area 47, amene maukwati onse a kutchalitchi kwawo amadutsa pakamwa pawo. Iwo ananeneratu kuti vidiyo ifike Loweruka achibale asanabalalike. Ikapanda kufika, kamera ya a Nasoni ndi madiresi a Maness zisadzaonekenso ku Area 47.

A Nasoni anati vuto ndi purosesa, kaubongo ka kompyuta, kamene kankatentha moti ukhoza kukazingirapo mtedza. Anagula fani yaikulu pa kaunjika, koma mabowo ake sanagwirizane ndi a m'kati. Anaimanga ndi mphira ya njinga. Mphirayo itayamba kupsa, fungo lake mzere wonse tinatsokomola.

Kenaka anamva za Felton wa ku City Centre, amene ali ndi makina osindikiza zinthu za pulasitiki. Felton anati, "Bweretsani miyezo, ndikusindikizirani chogwirira fani chokwana bwinobwino."

Maness anavula tepi m'khosi.

"Bambo a Esnati, tasunthani. Kuyeza ndi ntchito yanga, inu mumadziwa kuyeza mowa basi."

Ine benchi ndinatseka, n'kukwera nawo minibasi. Zoterezi sungamvere kwa anthu. Abale, makina aja! Kamlomo kake kamalavula pulasitiki wosungunuka, mzere pamwamba pa mzere, ngati mavu akumanga nyumba. Maola atatu ine ndili yasa. Chinatuluka chinthu chakuda, cha miyendo inayi, chooneka ngati chule wopondedwa ndi lole.

Titabwerera, a Nasoni anachiveka. Fani inkagwedera ngati dzino la mwana.

"Felton watinamiza!" anakuwa a Nasoni, n'kumuimbira foni. Felton anawerenga miyezo imene anapatsidwa. A Nasoni anayezanso ndi rula. Mbali iliyonse yapitirira ndi mamilimita asanu.

Tonse tinatembenukira kwa Maness.

"Ndinangowonjezera pang'ono," anatero, maso ali pa makina.

"Kuwonjezera chifukwa chiyani?"

"Pokulira."

"Mai a Esnati! Kompyuta imakula?"

Ine ndinaseka mpaka ndinagwira khoma. Zaka khumi munthu akusoka mayunifolomu a ana a sukulu, dzanja linazolowera kusiya malo. Koma a Nasoni sanaseke. Anati fani iyenera kukanikiza purosesa zolimba, apo ayi sichotsa kutentha. Ndipo linali Lachinayi.

Maness anaimirira, n'kumanga chitenje.

"Chabwino. Ndiisokera ngati mkwatibwi wofuna diresi lomugwira mpaka kulephera kupuma."

Anang'amba katoni ya sopo, anaigoneka m'kati mwa kompyuta, anajambula ndi choko chake cha nsalu, mabowo anabowola ndi phini. Anadula, anayesa, anasenga, anayesanso, kanayi konse, monga amachitira ndi akwatibwi ovuta. Lachisanu m'mawa anakaponya katoniyo patebulo la Felton.

"Achimwene, chotsani pokulira. Uyu sakulanso."

Masana chogwirira chatsopano chinafika. A Nasoni anamanga masikuluwu anayi. Fani inakhala nji! Anayatsa. Vidiyo inadutsa kutchalitchi. Inafika pa perekaniperekani, ife mpweya tagwira. Azakhali a mkwatibwi anavina, anawaza ndalama, anakhala pansi, kompyuta ili phee, kukamwa kwake kukutuluka kamphepo kofunda pang'ono chabe. Keke inadulidwa! Maness anaimba nthungululu mpaka ogulitsa tomato anathamanga, kuyesa wina wabereka.

Loweruka vidiyo inafika ku Area 47 nthawi ya tiyi. Mai Bernadetta anaionera kawiri, ndipo mwezi uno atumiza kale akwatibwi awiri.

Tsopano Felton akapeza kasitomala wosadziwa kuyeza, amamulozera kwa Maness, ndipo amamuchenjeza kuti akanene msanga kuti chinthucho sichikula. Koma pitani mukaone yunifolomu ya Esnati, mwana wawo. Ali sitandade fayifi, diresi likusesa msewu.