Nyumba Yanga Yajambulidwa ndi Pensulo

Amalume anga, Che Bwanali, anandichenjeza tsiku limene ndinawauza zopita ku Ndola. Anati, "Abiti Saidi, munda suthawa ayi, koma umazolowera mapazi a anthu ena." Sindinawamvere. Amuna anga anali atamwalira, denga likudontha, ndipo mwana wanga Patuma anali ndi kamwana, bambo wake wa kamwanako atasowera ku Joni. Mmwenye wina wa sitolo pa Balaka ankafunira mbale wake wa ku Ndolako mayi wolera ana. Ndinati zaka ziwiri basi, ndigule malata ndibwere. Zinakwana khumi ndi zinayi.

Ku Ndola ndinkakhala m'kachipinda kuseri kwa khitchini. Chibemba chinandikana, ndipo anthu akwathu amene ndinkakumana nawo pamsika ndinkawapatsa moni wokha, poti sudziwa amene watumidwa kudzamvetsera. Malipiro ndinkasokerera m'pilo, ena n'kutumiza. Makalata a Patuma ankafika atamatidwa kawiri, choncho tonse tinaphunzira kulemba zamvula ndi zachifuwa. Kamodzi kokha analemba kuti, "Kuseri kwa munda wanu amanga sukulu ya ntchito zamanja, anthu akuti koleji." Ndinayankha kuti asafike pachulu changa. Mawu amenewo sanayankhidwe.

Nditatsika sitima pa Nkaya ndinasochera kwathu komwe. Kale ndinkalunjika chulu chachikulu chokhala ndi mtengo wa bwemba, pamene maungu ankabereka ngakhale chaka cha chilala. Tsopano panali dzenje, achule akulira m'menemo. Kutsidya kwake kunali nyumba ziwiri zazitali zanjerwa, mkati mukumveka macheka ndi makina osokera. Ndinayang'ana njerwazo, ndinazindikira dothi langa.

"Amayi, linali sabata la achinyamata," anatero Patuma. "A chipani anabwera ndi zikombole zawo. Mukanakhala inu mukanati iyayi?"

Ndinayamba ndasuzumira pakhomo ndisanayankhe. Munthu wochokera ku Zambia wodandaula za chitukuko sachedwa kufunsidwa kuti anakaphunzira chiyani kumeneko. Ndinangoti, "Zamangidwa bwino."

M'chimanga changa ndinapezamo zikhomo zopaka laimu, zitandandalikana mpaka pafupi ndi nkhokwe. Palibe amene anandiletsa kulima. Palibenso amene anandiuza kuti ndi zachiyani, mpaka aphunzitsi aakulu a pakolejipo anandiitanitsa. Ndi bambo aulemu, anandipatsa mpando ndi tiyi. Tiyiyo sindinamwe. Pakhoma panali chipepala chachikulu chojambulidwa timabokosi.

"Iyi ndi pulani yathu ya zaka khumi, mayi. Apa padzakhala pophunzirira zomangamanga. Apa thanki ya madzi. Apa nyumba yogona atsikana, kuti a ku Nsanama ndi a kwa Kawinga asamalephere chifukwa cha mtunda."

"Zaka khumizo mukuwerenga kuyambira liti, aphunzitsi?"

"Kuyambira pamene thandizo lidzafike."

"Lidzafika liti?"

"Zimenezonso zili m'pulani."

"Ndiye ndisamuke?"

"Iyayi, ndani wanena zosamuka?"

"Ndiye ndikhale?"

"Pakali pano khalani ndithu."

Ndinafunsa pamene pali nyumba yanga. Analoza kabokosi kakang'ono, kotsamira pa nyumba ya atsikana ija. Chingerezi cha pachipepalacho sindinachimve, koma ndalera ana asukulu zaka khumi ndi zinayi, ndimadziwa inki, ndimadziwa pensulo. Thanki imene kulibe inali ya inki. Nyumba ya atsikana imene kulibe inali ya inki. Nyumba yanga, imene ilipo, ya malata amene ndinawagwirira ntchito, inali ya pensulo. Patebulo pawo panali labala.

Panapita masiku atatu. Ndinkaganiza kuti wandigulitsa ndani: Patuma kodi, kapena alamu anga amene mwana wawo akuphunzira ukalipentala pomwepo? Kamwana ka Patuma kaja ndinakasiya, dzina lake Asiyatu, tsopano ndi namwali, akumaliza zosoka pakolejipo ndipo akuti adzamusunga kuti aziphunzitsa anzake. Iyeyo ndiye anandipeza ndikutola nandolo.

"Anganga, mwakwiya ndi pensulo?"

"Wakuuza ndani?"

"Nkhope yanu. Pensuloyo ndinapempha ndine. Poyamba munalibemo n'komwe."

"Munalibe bwanji, nyumba ili poyera?"

"Aphunzitsi anafunsa kuti eni ake ali kuti. Anthu onse anati anapita ku Zambia kalekale, amene uja ndi mtchona, sabweranso. Amayi anati iwo atha kukakhala kwa azakhali. Ine ndinalira mu ofesi muja, ndiye aphunzitsi anatenga pensulo."

"Nanga nyumba ya atsikanayo, iwe ukuifuna?"

Anayang'ana pansi. "Ndikuifuna, anganga. Ndi inunso ndikukufunani."

Mpaka lero sindidziwa ngati mwanayu anandipulumutsa kapena anangondichedwetsera. Ndinabwera nditakonzeka kulimbana ndi wakuba, koma wakuba sindikumupeza. Palibe amene anandida. Anangokhala pansi n'kuganiza za zaka khumi zakutsogolo, mudzi wonse, mwaubwino, ndipo m'zaka zimenezo ine munalibe. Ine ku Ndola ndinkawerenga zobwerera, iwo kuno ankawerenga zopitirira.

Zikhomo sindinazule, ndikudziwa kuti pali maso. Ndangobzala mango pambali pa chikhomo chilichonse, ndipo ndimathirira m'mawa anthu akuona. Aphunzitsi anadutsa tsiku lina n'kunena kuti, "Mwachita bwino mayi, atsikana adzapeza mthunzi." Ndiye kaya ndikutchinga munda wanga, kaya ndikuwakonzera bwalo, sindikudziwa.

Inu amene mumadutsa pa Nkaya, mukatsika sitima tsatani njira ya kukoleji, mufunse kwa Abiti Saidi, nyumba ya chitseko chobiriwira pafupi ndi dzenje. Musandibweretsere kanthu, sindidya za anthu. Muime panjira, mutchule dzina lanu ndi la amayi anu, ndikuonereni pawindo kaye. Mudzangoona ngati ndikadalipo, kapena labala uja wagwira ntchito.