Botolo la atata linathera m'maso mwa anthu ena

Atata anapimidwa maso mwangozi. Anabwera ku Petauke kudzafuna matayala a njinga, m'zaka zija za chipani chimodzi pamene chilichonse chinali cha pamzere: sopo, shuga, mafuta ophikira. Ine ndinkataipa makalata ku maofesi a boma, ndipo ndinamva kuti kuchipatala kwafika madokotala a maso ochokera ku Lusaka. Ndinachita kuwakokera kumeneko ngati mbuzi yopita kumsika.

Anawagoneka chagada n'kuika kachipangizo kachitsulo padiso penipeni. Dokotala anati madzi a m'kati mwa maso awo achuluka ndipo ayamba kufinya mtsempha woonera. Matenda ake akuti gulakoma. Sapweteka, amayamba kudya m'mbali, ndipo chimene adya sichibwerera. Mwayi wathu unali woti tawagwira msanga. Ntchito inali imodzi basi, kudontheza mankhwala tsiku ndi tsiku, moyo wonse.

Titatuluka, atata anaima pakhonde n'kuloza kutali. "Uja munthu ali pansi pa mtengo wavala chani?" Ndinati sindikumuona bwino. "Shati yofiila. Manje odwala maso ni ndani, ine olo iwe?"

Ndiwo atata anga amenewo.

Mankhwalawo kuwapeza kwake kunali kowawa. Lero atha, mawa sanabwere, mkuja wosunga makiyi wapita ku maliro. Ndinkapondaponda pawindo la chipatala mpaka anandiloweza nkhope. Ndikapeza kabotolo, ndinkakakulunga m'nsalu n'kupatsira kondakitala wa basi yopita ku Nyimba, kumeneko n'kudikira wina wolowera kwathu ku Ndake. Atata ankangotumiza madandaulo, akuti mankhwala ako aluma, akuti ndikathira kunja kumada msanga. Koma mabotolo ankatha mofulumira, ine n'kumasangalala kuti mkuluyo akumvera. Ndinali wopusa bwanji!

Chaka china nthawi yokolola thonje ndinapita kumudzi osawauza. Ndinapeza anthu atandandalika pabwalo pathu, amayi ndi ana, ena maso ali psu ndi fumbi la m'munda, ena manthongo ali mbwee. Atata akuyenda mmodzimmodzi, kabotolo kanga m'manja, kuyang'anitsa aliyense kumwamba n'kumudontheza.

Mtima unandipsa. Ndinakuwa pamaso pa anthu, chinthu chimene mwana wamkazi sachita kwa atate ake. "Atata, aya mankhwala ni yanu! Si ya maso yofiila aya!"

Anandiyankha modekha, zimene zinandikwiyitsa koposa. "Mwana wanga, mankhwala ni ya odwala. Awa maso yawawa. Ine sinimva kalikonse. Nibise botolo m'nyumba anzanga alila? Anthu azakamba kuti bwanji?"

Kwathu mankhwala ali ngati mchere. Mnansi akabwera kudzapempha, sumufunsa zambiri, umangomupatsa. Ndipo poti maso ofiira amapola okha, mbiri inali itafika midzi yoyandikana kuti atata ali ndi dzanja labwino. Ena ankawabweretsera mazira. Munthu mmodzi yekha amene mankhwalawo anali ake ndiye sankawathira.

Madzulo amai ananditengera kumunda. Anandionetsa mizere imene atata anatola m'mawa. Pakati panali poyera, koma mbali zonse ziwiri thonje linali mbuu, lotsala. "Nimawalondola kumbuyo, nitola vamene asiya," anatero amai. "Siniwauza. Chaka chatha chabe vinayamba." Anandiuzanso za chilonda cha pamphumi chimene atata ankati anagundidwa ndi nthambi. Chinali cha mphuthu ya chitseko cha nyumba yawo yomwe, imene anamanga okha.

Ndinawabweretsanso ku Petauke, ulendo uno osakangana. Dokotala anapima, n'kupumira m'mwamba. Anati chatsala n'chochepa, ngati munthu wosuzumira m'bango, ndipo tingoteteza chimenecho. Kuyambira pamenepo amai ankasunga botolo m'chitenje chawo, n'kumawathira okha. Anansi anatinena kuti ndife oumira, mwana wa ku boma wawaononga. Atata nawo ankang'ung'udzabe kuti achita manyazi kubweza anthu pakhomo. Mpaka lero ndikakumbukira ndimafuna kuswa mbale.

Nditabereka mwana wanga woyamba, ndinapita naye kumudzi kuti agogo ake akamuone. Atata anamulandira m'manja, n'kuyamba kuyendetsa mutu uku ndi uku. Anati akuona diso, kenako khutu, kenako kakamwa, koma nkhope yonse ikukana kulowa.

"Mutenge," anatero. "Yenda naye uko, kutali pang'ono."

Ndinabwerera m'mbuyo mwana ali m'manja mpaka ndinafika pa nkhokwe. Pamenepo ndi pamene anati, "Imilila apo. Manje namuona." Anamuyang'ana nthawi yaitali, manja awo akadali otambasula pamaondo.