Chiwombankhanga cha Amaori ndi Mng'ono wa Agogo

Ndinali ndi zaka khumi ndi ziwiri pamene agogo anga aamuna ankasamalira maluwa ku Area 10, panyumba ya injiniya wochokera ku New Zealand amene ankamanga nawo Kapitolo. Mkazi wake, mayi wa mtundu wa Amaori, ankakonda kucheza ndi agogo, ndipo womasulira ndinali ine, ndi Chingelezi changa cha Sitandade 6. Matama ndiye ndinali nawo, musachite kufunsa.

Tsiku lina masana agogo akuthirira maluwa analoza galaja. "Uwauze adona kuti apo panali khola lathu. Mkango unagwira mng'ono wanga pomwepo."

Ndinamasulira, n'kuwonjezera zanga ndikuseka: "Musawamvere, n'zopeka. Mkango m'tauni?"

Agogo Chingelezi sankachimva, koma kuseka kwanga anakumva. Anawerama n'kuyamba kuzula udzu pamalo popanda udzu.

Adona sanaseke. Anandiyang'anitsitsa nati, "Uwauze izi, usasiyeko kanthu."

Anati kumapiri akwawo kunali chiwombankhanga chotchedwa pouakai, cha zikhadabo ngati za kambuku, chimene chinkapha mbalame zazitali kuposa munthu. Makolo awo ankati chinkanyamulanso ana. Azungu atafika anapeza mbalameyo itatha kalekale, ndiye ankangoti ndi nthano. Patapita nthawi, anthu anakumba m'dambo n'kupeza mafupa ake.

"Koma amayi amene anataya ana sanadikire mafupa kuti alire," anatero adona.

Mawu onsewo anadutsa pakamwa panga pomwe. Manyazi ake, ine! Agogo anangoti "Kani," n'kupitiriza ntchito. Mlungu wathunthu sanandiuzenso kalikonse ka kumudzi kwawo, ndipo ndinaopa kuti basi, ndawatseka pakamwa mpaka kalekale.

Loweruka tikubwerera kunyumba, fumbi la magalimoto a mchenga lili kobo, ndinalimba mtima. "Agogo, mng'ono wanu uja dzina lake anali ndani?"

Agogo anaima n'kuvula chipewa. Kenako anati, "Kanyenda. Anali wamanzere, ndipo kusamba ankadana nako koopsa." Anaseka pang'ono, n'kupukuta m'maso ndi chipewa.

Tsopano ndazindikira kuti agogo sankafuna kutigometsa ndi mkango. Ankafuna kuti munthu winanso adziwe kuti mwana ameneyu anakhalapo. Mudzi wawo unasamutsidwa pomanga tauniyi, manda ake sakudziwika, ndipo agogo anatisiya kalekale. Wodziwa kuti Kanyenda anali wamanzere ndatsala ndine ndekha.