Nkhuku za pa msewu wa ku Mangochi

Ndikukumbukira ulendo wathu woyamba wopita kunyanja, ndipo mpaka lero ndikauganiza mtima umanditentha. Tinkakhala pa Liwonde, kuseri kwa siteshoni ya sitima. Madzi sanali achilendo kwa ife, Shire tinkamuona tsiku ndi tsiku, koma ameneyo ndi mtsinje wa ng'ona, woti mwana ukangoyandikira m'mbali mwake umalandira khofi. Nyanja yeniyeni, ya mchenga woyera, yoti munthu n'kusamba mtima uli m'malo, tinkangoimva kwa anzathu. Amayi anga, Abiti Daudi, anakulira ku Ngokwe ndipo nawonso anali asanaionepo. Ankailakalaka kuposa ine, kungoti iwo sanali olongolola.

Ababa, Che Saidi, anali dalaivala pa kampani ina yogula thonje. Chaka china msika utatsekedwa, abwana awo anawabwereka pikapu kuti akatiyendetse ku Mangochi. Lamulo linali limodzi lokha: tinyamuke Loweruka, koma galimoto ikhale italowa pageti Lamulungu dzuwa lisanalowe, apo ayi ntchito ithera pomwepo. Amayi anakonzekera ngati tikupita ku Maka. Anakazinga zitumbuwa, anaphika chinangwa, thobwa anadzaza m'chigubu. Ababa anapisa m'thumba kangapo kuona ngati makhadi achipani alimo, poti masiku amenewo ukaiwala khadi ulendo unkathera pa msika woyamba.

Tinaoloka mlatho m'mamawa n'kukhotera msewu wa ku Mangochi. Ine ndinakhala kumbuyo pa mphasa, mphepo ikundiwomba kumaso, milambe ikuthamangira kumbuyo. Ndinkaimba ndekha. Sindinkadziwa kuti pa msewu umenewu ababa anali ndi achibale ngati mchenga.

Tikuyandikira pa Ulongwe galimoto inayamba kuchedwa, kenaka inapatukira m'kanjira kafumbi. Ababa anatulutsa mutu pawindo.

"Tingopereka moni kwa azakhali ako. Injini sindizimitsa n'komwe."

Anazimitsa. Azakhali, achemwali awo aakulu a ababa, anatuluka akululutira, mphasa inayalidwa pansi pa mtengo wa mango, ndipo moni wake anali wofunsa za munthu aliyense wa pa Liwonde, mpaka amene anasamuka kalekale. Ndikuti mwina tsopano tinyamuka, ndinamva phokoso kuseri kwa nyumba: ana akuthamangitsa nkhuku. Amayi anangotseka maso.

Kwathu mlendo wochokera kutali sachoka pakhomo nkhuku isanafe. Kukana n'kutukwana. Komanso pakhomo la Chisilamu ngati la azakhali, nkhuku sazinga munthu wamba, ndipo ashehe amene iwo ankawakhulupirira anali atapita ku sadaka mudzi wina. Ababa anadzipereka kuti azinge okha. Azakhali anawayang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi n'kuwafunsa kuti kumzikiti analowako liti komaliza. Nkhani inathera pomwepo. Tinakhala, nkhuku ili chimangire miyendo pambali pathu, ife ndi iyo tonse tikudikira munthu mmodzi.

Ashehe anabwera dzuwa lili paliwombo, ali wapansi, osafulumira. Kenaka mpunga unali woti ayambe apuntha mumtondo. Chimene chimandipsetsa mtima kwambiri n'chakuti chakudyacho chinali chokoma. Nkhuku yachikuda yofiira bwino, msuzi wake wokhathamira, mpunga wonunkhira mpaka kumsewu, pambali nandolo wamuwisi wotendera. Ndinadya ndikulira, misozi ikugwera m'mbale, koma sindinasiye fupa lili ndi mnofu.

Tikusamba m'manja, panafika mnyamata pa njinga ndi uthenga wochokera kutsidya kwa dambo. Atsibweni awo a ababa anali atamva kulira kwa galimoto, ndipo ankafunsa kuti iwo analakwa chiyani kuti mwana wa mlongo wawo adye kwa ena, kwawo n'kulambalala. Ababa anati chibale n'fupa, sichiola. Amayi anayankha motsitsa mawu kuti mapanga awiri avumbwitsa, koma anakwera galimoto. Kumeneko kunafanso nkhuku ina, dzuwa linalowa, tinagona komweko. Loweruka lonse linatha tisanayende ngakhale theka la msewu.

M'mawa mwake sitinanyamuke tokha. Kumbuyo kunali thumba la malambe, tambala wamoyo amene anatipatsa atsibweni, ndi agogo ena odwala mwendo oti tikawasiye kuchipatala ku boma la Mangochi. Ine ndinapanikizika pakona, tambala akundijompha chala. Tinaimanso pakhomo lina, sindikumbukira n'komwe kuti anali ndani wathu, pomwe tinapulumuka ndi tiyi ndi mbatata chifukwa nkhuku zawo zinali zitatha ndi chitopa. Mulungu andikhululukire, ndinathokoza chitopacho.

Pamene madzi a Malombe anaonekera patali kudzanja lamanja, ababa anaimitsa galimoto n'kuloza. Anati imeneyonso ndi nyanja, madzi ake ndi omwewo, bwanji tingoionera pano n'kubwerera nthawi ikadalipo. Amayi anangoyang'ana kutsogolo, manja ali pamiyendo, mpaka ababa analizanso injini okha.

Tinasiya agogo aja kuchipatala, tinapyola tauni, ndipo dzuwa litapendeka pang'ono tinatsetserekera kumudzi wina wa asodzi. Ndinalumpha galimoto isanaime bwino. Kalanga ine, madzi! Opanda tsidya, obiriwira mpaka kukakumana ndi thambo, mafunde akubwera n'kubwerera okha popanda wowatuma. Mchenga unkatentha kumapazi. Pathandala panali usipa ukung'anima, fungo lake lili ponseponse, amayi ena akutsuka mapoto m'mbali, ana ali maliseche akudumphira m'madzi kuchokera pabwato. Bambo wina ankawotcha chambo pamakala, mafuta akudontha, koma m'mimba mwathu munali modzaza kale. Ababa anayang'ana dzuwa n'kunena kuti tili ndi kanthawi kochepa chabe, tisambe msangamsanga.

Ndinali nditangovula nsapato pamene mawu anamveka kuchokera pansi pa mtengo, pomwe bambo wina ankasoka ukonde.

"Che Saidi! Kodi ndinu? Maso angawa akundinamiza?"

Anali mnzawo wa ababa amene anavinidwa naye limodzi kujando, ndipo anali asanaonane chichokere ku unyamata. Anakumbatirana, anamenyana pamsana, kenaka bamboyo anatembenukira mwana wake.

"Thamanga, ukawauze amako agwire nkhuku, kwabwera alendo!"

Ndinadziwa kuti tikangolowa m'mudzimo, potuluka kudzakhala kuthamangira geti ya kampani, nyanja nditangoiona ndi maso. Ababa anatembenukira amayi, akumwetulira ngati mwana woba shuga.

"Abiti, tingopereka moni."

Amayi anga anali munthu woti sankatsutsa amuna awo pagulu, ngakhale tsiku limodzi. Sanatsutsenso tsiku limenelo. Anavula patapata, anaziika bwinobwino pamchenga, anandigwira dzanja, n'kuyamba kuyenda. Analowa m'madzi ndi diresi lawo lakuchikwati, chitenje ndi mpango womwe, mpaka m'mawondo, mpaka m'chiuno, kenaka anangokhala pansi, madzi n'kuwafika m'khosi. Ine ndinadziponya pambali pawo. Madziwo anali ofunda pamwamba, ozizira kumapazi, ndipo tinsomba tinkanditekenya m'miyendo.

"Abiti, anthu akuona!" anakuwa ababa ali pamtunda.

"Iyayi, asiyeni aone," anayankha amayi. "Nkhuku imene ikundifuna ine ibwere konkuno."

Amayi otsuka mapoto aja anafa nalo phwete. Mnzawo wa ababa anaseka mpaka kukhala pansi, n'kunena kuti mlendo wonyowa chonchi sangamukhazike pamphasa, nkhuku ija yapulumuka. Ababa anazungulirazungulira, manyazi ali tho, kenaka anapinda buluku n'kuviika mapazi. Sitinakhalitse, koma ndinamva amayi akuseka mokweza ngati mtsikana, kuseka kumene ndinali ndisanakumvepo. Msodzi uja anatimangira chambo pachingwe, ndipo pobwerera ababa anadutsa pa Ulongwe akungoliza hutala, ife tikunjenjemera m'zovala zonyowa. Galimoto inalowa pageti mlonda atagwira kale loko.

Amene amandifunsa za ulendo wa kunyanja masiku ano ndimawauza zomwezi: nyamukani m'mawa, chakudya cha panjira chikhale cha m'manja, m'mimba musiyire chambo, ndipo achibale muziwaona pobwerera. Koma malangizo amenewa ndi otha ntchito. Lero moni timaperekera pafoni, nkhuku yakwera mtengo, ndipo azakhali, atsibweni ndi ababa omwe anagona kale. Chaka chatha ndinatenga adzukulu anga pa msewu womwewo. Pa Ulongwe ndinachepetsa liwiro pa kanjira kafumbi kaja, mwina wina atuluka. Panali mnyamata wogulitsa mayunitsi, anangotiyang'ana ngati galimoto ina iliyonse. Tinafika kunyanja nthawi yabwino, dzuwa lisanatenthe n'komwe, ine njala ikundipweteka.