Tsiku Limene Apongozi Anga Anatukwana Refa

Loweruka lapitali ndinaphunzira mawu atatu achipongwe amene sindinkawadziwa. Anandiphunzitsa ndi apongozi anga, mkulu wa mpingo.

Ine tsiku langa ndinali nditalikonza kale: kusamba, kuvala jezi yanga ya timu ya ku Ulaya, n'kupita ku Makandanyama kwa mnzanga amene ali ndi wailesi yakanema yaikulu ngati chitseko. Koma mayi akunyumba, amake Taonga, anangoyang'ana jeziyo n'kunena kuti ndivule, lero ndikuperekeza atate awo ku mpira. Anati kuchipatala anawauza kuti magazi awo akuthamanga kwambiri, asamapse mtima, pomwe timu yawo inali kusewera masewera otsiriza a ligi yaikulu. Ikagonja, yatsika. Anandipatsa timapiritsi tiwiri m'kapepala ndi botolo la madzi, n'kuwonjezera kuti atate awo akakagwa kumeneko, ine ndisavutike n'kubwerera kunyumba.

Mawu otere mwamuna wanzeru sayankha. Ndinavula jezi.

Ndiulule tchimo langa musanaliulule ndinu. Ndinabadwira muno m'Kabwe, ndimakhala ku Kamushanga, koma pabwalo la timu yathu ndinali nditatha zaka zambiri osapondapo. Za timu ya ku Ulaya ndifunseni. Ndikuuzani amene wavulala bondo, amene wakangana ndi kochi, ngakhale amene mkazi wake wamuthawa. Za timu yakwathu ndinkangomva m'minibasi, kondakitala akamadandaula.

Apongozi anga, a Mwale, amakhala ku Kasanda. Atate awo anachokera ku Katete kudzagwira ntchito ku mgodi, ndipo iwonso anagwira komweko mpaka mgodi unatsekedwa. Ndi munthu wa jekete ndi tayi ngakhale dzuwa liswe mtengo. Chikwatirireni mwana wawo sindinawamvepo akukweza mawu. Akamalankhula nane amayang'ana kumbali, ine ndimayang'ana pansi, ndipo timamvana bwino choncho. Koma mpira wa timu yawo sauphonya. Sizoni yonseyi, timu ikamasewera pakhomo, ankapalasa njinga kupita kubwalo, kaya kuli mvula kaya fumbi.

Tinayenda pansi, iwo akukankha njinga, poti sizikanatheka kuti mkamwini akhale pakaliyala atagwira apongozi m'chiuno. M'njiramo anandifotokozera mmene sizoni yayendera, ndi mawu ofatsa ngati akuwerenga zolengeza za kutchalitchi.

Inayamba ndi matama. Akuluakulu a timu analonjeza chikho n'kubweretsa kochi wa magalasi akuda, wolankhula Chingerezi cha m'mphuno. Atagonja kangapo anamuchotsa. Anabwera wina wokonda mapemphero, amene ankagwaditsa osewera pakati pa bwalo mpira usanayambe. Ankagwada, n'kudzuka, n'kugonja. Mvula itafika bwalo linasanduka dimba, mpira unkaima wokha m'matope kudikira woumenya. Kenako kunamveka mphekesera yoti adani anakwirira chinthu pafupi ndi golo. Anthu anakumba, anapeza chitini chadzimbiri cha nsomba. Anachitaya kutali, Loweruka lotsatira anagonjanso. Mvula ikakuona litsiro sikata.

Tsopano timu inali ndi kochi wachitatu, ndipo kuti ipulumuke pankafunika zinthu ziwiri: ife tisagonje, komanso timu ina ya ku Kopala, dera la migodi ya kopa, imene inkasewera kwawo tsiku lomwelo igonje. Ndinawafunsa mwaulemu ngati mkulu wa mpingo amaloledwa kupempherera anzake tsoka. Anati iwo sapempha tsoka la munthu, amangomukumbutsa Mulungu kuti anthu a ku Kopala ali kale ndi matimu ambiri.

Titafika tinapeza bwalo lili thothotho. Anthu pakhoma, anthu m'mitengo, magalimoto mpaka kumsewu waukulu. Apongozi anaima kaye n'kupukusa mutu. Anati miyezi ya mvula mbali imene amakhala kunkakhala iwo, nkhalamba zina zinayi, ndi mayi wogulitsa mazira owiritsa. Lero kunali majezi a ku Ulaya amitundumitundu, ngati msika wa salaula, zovala zakale zochokera kunja. Pamalo pawo pa masiku onse panali patakhala bambo wina wamimba yaikulu, ali ndi vuvuzela.  Apongozi anangoima n'kumamuyang'ana mpaka bamboyo anasendera yekha.

Osewera atalowa m'bwalo, bambo uja anandigwira paphewa.

"Ba bosi, ise ndi ati? Aja amizeremizere kapena aja enawo?"

Ndinamuseka mumtima. Kenako ndinazindikira kuti nanenso sindikudziwa, poti yunifolomu inasintha ine kulibe. Ndinanamizira kumwa madzi mpaka apongozi anaomba m'manja, m'pamene ndinamuloza molimba mtima kuti athu ndi awo.

Refa ataliza wezulo, munthu amene ndinabwera naye anasowa, m'jekete lake munalowa wina. Pasanapite nthawi wosewera wathu anagwetsedwa pafupi ndi golo, refa n'kungogwedeza dzanja kuti mpira upitirire. Apongozi anaimirira, anavula chipewa, n'kuyamba kumuuza refayo za maso ake, za amene anamuphunzitsa ntchito, ndi za mbuzi za kwawo. Anayamba m'Chichewa cha ku Katete, anapitiriza m'Chibemba kuti refa asanamizire kusamva, anamaliza ndi Chilapalapa, chinenero cha pansi pa mgodi. Mawuwo sindingawalembe pano. Nyuzipepala ino amakutira nayo mabuku ana asukulu.

Ndiuzeni, inu odziwa mwambo, mkamwini amatani apongozi akamatukwana? Amaomba m'manja? Amatseka makutu? Makolo athu nkhani imeneyi sanaikonzekere. Ine ndinayang'ana nsapato zanga kwa kanthawi, kenako ndinatulutsa kapepala ka mapiritsi n'kupereka ndi manja awiri.

"Atate a Taonga," anatero maso ali kubwalo, "mukapatse refa uyo. Ndiye akudwala."

Chigawo choyamba chili pafupi kutha, tsoka linatipeza. Mdani anamenya mpira wofooka, woti ndi nkhuku yomwe ikanauimitsa, koma unadutsa pakati pa miyendo ya goloboyi wathu n'kulowa. Bwalo linawira. Ena ankakuwa kuti wagulidwa, ena kuti dzulo anagona kumowa, ena anayamba kuponya mabotolo. Bambo wa vuvuzela, amene mpira ukuyamba sankadziwa kuti athu ndi ati, ndiye anali patsogolo kulamula kuti goloboyiyo asadzapondenso m'Kabwe.

Apa apongozi anatembenuka, anafulatira bwalo, n'kuyang'ana anthu. Sanakuwe ayi. Analankhula ndi mawu awo a pa guwa.

"Inu munali kuti mwezi wa Febuluwale? Mwana uyu anasewera masabata atatu chala chili chothyoka, atachimanga ndi pulasitala, chifukwa panalibe wina woima pagolo. Pakanapanda iye tikanatsika kalekale. Inu mwabwera kudzaona maliro, n'chifukwa chake mukufuna mtembo. Khalani pansi."

Bamboyo anakhala pansi. Ine ndinali chikhalire, koma ndinamva ngati nditsike ndikhale pansi penipeni.

M'chigawo chachiwiri wina kumbuyo kwathu anakuwa kuti a ku Kopala agoletsedwa zigoli ziwiri. Nkhani inayenda ngati moto wa tchire, mbali yonse inayamba kuvina. Apongozi anatulutsa m'thumba kawailesi kakale komanga ndi mphira, anakaika pakhutu, n'kunena kuti ndi bodza, kumeneko palibe wagoletsa. Titafufuza, mwini nkhani anati anamva kwa mlamu wake, amene anamva kwa munthu wa m'basi. Tinavina ulele, ndipo tinali tikugonjabe.

Chigoli chathu chinabwera mochedwa, ndipo sichinali chigoli choti n'kuonetsa alendo. Mpira wa pakona unagunda msana wa wosewera wathu, unagunda bondo la mdani, n'kugubuduka pang'onopang'ono kulowa m'golo ngati munthu wolowa m'nyumba yolakwika. Zimene zinatsatira sindikuzikumbuka bwino. Ndinangopezeka nditawakumbatira apongozi, iwonso atandigwira m'khosi, tikudumpha. Tinazindikira nthawi imodzi. Tinasiyana, aliyense anakonza kolala yake, n'kuyang'ana mbali yake. Nkhani imeneyi sitidzaikamba mpaka kumanda.

Mpira unatha titafanana mphamvu, koma palibe amene anatuluka. Ku Kopala anzathu aja anali atagoletsedwadi tsopano, chimodzi, koma mpira wawo unali usanathe. Mafoni onse anakana, netiweki itatopa ndi khamu. Mukanaona mabwana a mafoni odula atazungulira nkhalamba ya ku Kasanda ndi kawailesi kake ka mphira, atawerama ngati akulandira madalitso. Bwalo lonse linangoti zii. Patapita nthawi imene ine ndinaiona ngati chaka, apongozi anachotsa kawailesi pakhutu, anakazimitsa, n'kunena chapansipansi kuti a ku Kopala agonja.

Anthu anasefukira m'bwalo. Kochi amene ankamutukwana mphindi zochepa zapitazo anamunyamula paphewa. Kunja magalimoto ankaliza mahutala ngati tatenga chikho, pamene zoona zake n'zoti sizoni yonse tinakhala kumchira ndipo tinapulumuka chifukwa mnzathu anaterereka. Apongozi sanavine. Anakhala pansi, anaitanitsa okha mapiritsi aja, n'kumeza.

M'chipwirikiti chonsecho goloboyi uja ankayenda yekha, mutu uli pansi, palibe womuyang'ana. Atatsala pang'ono kulowa m'chipinda chovalira anakhota, n'kubwera pawaya pafupi ndi pamene tinakhala. Ankadziwa malo enieni a apongozi, sanafufuze. Anavula magolovesi, analowetsa zala pawayapo, n'kupepesa m'Chibemba kuti walakwitsa, akanaipha timu. Apongozi anatsika masitepe, anamugwira zalazo, anafunsa kaye ngati chothyoka chija chinapola.

"Walakwitsa lero," anamuuza. "Ine ndakuona sizoni yonse. Pita ukasambe."

Zimenezi zakhala zikundivuta mlungu wonse.

Ife timakonda maliro kuposa matenda. Mbale wathu akagona m'chipatala miyezi itatu, omuzonda ndi mkazi wake ndi mlongo wake mmodzi. Akangomwalira, mabasi amadzaza, makwaya amabwera, ndipo pamaliropo aliyense ndi dokotala: akanamupititsa ku Lusaka, akanamusintha mankhwala, mkaziyu sanamusamale. Munali kuti phala likufunika? Sukulu ya m'komboni ikamadontha, ku msonkhano wa makolo kumabwera anthu asanu. Denga likadzagwa, tonse tili pompo ndi mafoni, kujambula ndi kufunsa kuti ahedi ankatani.

Mpira wathu timauchitanso chimodzimodzi. Sizoni ndi ulendo wautali, umayamba kukutentha, umadutsa m'matope, umatha kukuzizira. Ife timaudikira kumapeto, n'kufika ndi vuvuzela komanso chiweruzo.

Ndikudziwa zimene munene, chifukwa nanenso ndakhala ndikuzinena. Mpira wakuno ndi wosakoma. Ndi zoona, ndadzionera ndekha. Panali nthawi imene mpira unakhala m'mwamba nthawi yaitali kuposa pansi. Akuluakulu a matimu amasintha makochi ngati masokosi, n'kumadabwa kuti fungo silikutha. Ndi zoonanso. Marefa ena ndithu akufunika magalasi, ndipo pa mfundo imeneyi ine ndi apongozi tikugwirizana, ngakhale ine ndikanaifotokoza ndi mawu ena. Koma mako ndi mako, usamuone kuchepa mwendo. Timu imene ndimaifera pakanema sidziwa n'komwe kuti ku Kamushanga kuli anthu. Ikagonja ndimakana chakudya, ana amayenda monyang'ama m'nyumba, koma palibe wosewera wake amene adzabwere pawaya kudzandipepesa. Adzandidziwira kuti?

Pobwerera apongozi anali atabwerera m'jekete lawo, ofatsa, mawu okha atasasa. Titafika pamphambano yopita ku Kasanda anaima, anayang'ana kumbali monga mwa masiku onse, n'kundipempha mwaulemu kuti nditchule osewera atatu mwa amene ndawachemerera lero. Ndinatchula dzina limodzi limene ndinalimva kwambiri pa nthawi ya chigoli. Anati ameneyo ndi wa timu ya alendo, mwini bondo lija. Sanaseke. Anakunga buluku ndi kapini, anakwera njinga, n'kunena kuti sizoni yatsopano ikadzayamba ndidzabwere, ndisadzavutike n'kulawirira.

"Malo adzakhalapo ambiri, atate a Taonga. Anthu onse aja sadzabwera."

Anapalasa n'kumapita, ine n'kutsala pamsewu ndi botolo lopanda madzi, mahutala akulirabe m'tauni.

Ine ndalephera mayeso anga, ndipo ndavomera pamaso pa nonse. Tsopano ndi nthawi yanu, inu amene munathamangira m'bwalo Loweruka lija n'kumunyamula kochi paphewa mpaka malaya anu anang'ambika. Osafunsa mnzanu, osatsegula foni. Munthu amene munamunyamulayo, dzina lake ndani?